Preamp ya maikolofoni ya riboni

Preamp ndi chipangizo chomwe chimakweza mphamvu ya mawu ochokera m'maikolofoni asanafike pa makina ojambulira. Maikolofoni ya riboni, monga Coles 4038 kapena Royer R-121, imatola mawu ndi kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu kolendewera pakati pa maginito, ndipo mphamvu yomwe imatulutsa ndi yochepa zedi.

Choncho posankha preamp m'situdiyo, yambani mwaona gain, mlingo womwe imakwezera mawu. Woimba motsitsa kapena gitala wosalumikizidwa kumagetsi amafuna 60 dB mpaka 70 dB. Preamp yofooka ikafika pamenepo imayamba kuchita phokoso la "sii", ndipo kukoma konse kwa riboni kumathera pomwepo.

Impedance, mlingo wa mmene chipangizo chimakanizira magetsi kudutsa, ndiyo ambiri amaiwala. Ya preamp ipose ya maikolofoni kasanu kapena kupitirira: maikolofoni ya 300 ohms imafuna 1,500 ohms kupita m'mwamba. Ya preamp ikachepa, mawu amatsika ndipo besi imazilala.

Samalani ndi phantom power, magetsi a 48V omwe preamp imatumiza ku maikolofoni, chifukwa waya wolumikizidwa molakwika akhoza kudula kachitsulo kaja. Komabe riboni zina, monga Royer R-122, sizigwira ntchito popanda magetsiwo. Ndalama zikavuta, kachipangizo kotchedwa Cloudlifter kamathandiza: kamawonjezera pafupifupi 25 dB pa preamp yomwe muli nayo kale.