Mbiri ya Mtengo wa Msuku

Munthu woyenda pa mseu wocokera ku Lilongwe kunka ku Dedza m'mwezi wa Novembala, akafika pa Nathenje amaona amai atakhala m'mbali mwa mseu ndi mabeseni a masuku. Ambiri amagula nadya, koma owerengeka okha ndiwo audziwa mtengo wake.

Msuku subvuta kuuzindikira. Masamba ake ndi akuru, okhuthala, ndipo amaunjikana kunsonga kwa nthambi. Khungwa lake nlotuwa ndi long'aluka. Umakonda nthaka ya miyala m'mbali mwa mapiri. Ulipo msuku waumuna ndi waukazi, ndipo waukazi wokha ndiwo ubala zipatso. Azungu anaucha Uapaca kirkiana pokumbukira John Kirk, amene anafika ku Nyanja pamodzi ndi Livingstone m'caka ca 1859.

Makolo athu pothyola munda ankausiya msuku uli ciimire, pakuti masuku amapsa pamene nkhokwe zayamba kupepuka, cimanga cisanache. Galu wakuda akalowa m'mudzi, ana ankapulumukira kuthengo. Nao anyani, apusi ndi mileme amadya zipatsozo namwaza mbeu zake kutali. Bowa wina amakhala pa mizu ya msuku nauthandiza kutenga cakudya m'nthaka yoguga. Cifukwa cace podula misuku bowayo asowanso. Mizu yomweyo imagwira dothi kuti mvula ilowe pansi pang'onopang'ono.

M'caka ca 1922 Boma linapatula nkhalango ya Dzalanyama, kumene kucokera mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe. Zaka zomwezo fodya wa cikopa anayamba kufala m'dziko la Lilongwe, ndipo poocha fodyayo panafunika nkhuni zambiri. Tsono pamene Lilongwe anasanduka likulu la dziko m'caka ca 1975, anthu anacuruka, ndipo matumba a makala anayamba kudutsa pa Mitundu pa njinga usana ndi usiku. Bvuto linakula kotero kuti m'caka ca 2015 Boma linatumiza asilikari kukalonda nkhalangoyo.

Msuku umacedwa kukula, ndipo umene wagwa lero sudzadyetsanso mwana wa m'mudzimo. Cotero inu aphunzitsi anzanga, tengani ana anu mukawasonyeze mtengowu pamene uli, audziwe ndi maso ao, kuti akadzagwira nkhwangwa adzaupambuke monga ankacitira agogo ao.