Eric Uslaner

Eric M. Uslaner, yemwe anabadwa m'chaka cha 1947, ndi katswiri wa maphunziro a ndale wa ku United States. Amadziwika ndi kafukufuku wake pa nkhani zitatu zimene iye amati n'zolukanalukana: kusiyana kwa chuma pakati pa olemera ndi osauka, kukhulupirirana kwa anthu, ndi katangale. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti m'dziko limene anthu ochepa ali ndi chuma chambiri pomwe ambiri alibe kanthu, anthu amasiya kudziona ngati a mtundu umodzi, ndipo zikatero amaleka kukhulupirirana, amakayikira makhoti ndi maofesi a boma, ndipo katangale amapeza pomera.

Maphunziro ndi ntchito

Uslaner anaphunzira pa Brandeis University, kenako anatenga digiri ya udokotala pa Indiana University. Waphunzitsa kwa zaka zoposa 40 pa University of Maryland ku College Park. Poyamba ankafufuza za nyumba ya malamulo ya ku America, ndipo mu 1993 anatulutsa buku lotchedwa The Decline of Comity in Congress, lofotokoza mmene aphungu anasiyira kulemekezana ndi kumvana. Iye ankaona kuti mkangano wa aphungu unkangosonyeza zimene zinkachitika pakati pa anthu wamba, ndipo maganizo amenewa ndi amene anamufikitsa pa nkhani ya kukhulupirirana. Mu 2018 anakonza buku la The Oxford Handbook of Social and Political Trust.

Mitundu ya kukhulupirira

Buku lake lodziwika kwambiri ndi The Moral Foundations of Trust, la mu 2002. M'bukuli iye anasiyanitsa kukhulupirira munthu amene ukumudziwa ndi kukhulupirira munthu amene sunamuonepo. Koyambako kumachokera pa zimene waona: mnzako anabweza ngongole chaka chatha, choncho umamubwerekanso. Kwachiwiriko kulibe umboni uliwonse. Ndi maganizo akuti anthu ambiri, ngakhale a mtundu wina kapena chipembedzo china, amatsatira mfundo za chikhalidwe zofanana ndi zako. Uslaner amati maganizo amenewa munthu amawaphunzira kwa makolo ali mwana, sasinthasintha akakula, ndipo amayendera limodzi ndi chiyembekezo chakuti mawa zinthu zidzakhala bwino.

Ofufuza amayeza kukhulupirira kwachiwiriku ndi funso limodzi lakale: kodi anthu ambiri ndi okhulupirika, kapena munthu ayenera kusamala kwambiri pochita zinthu ndi ena? Ku United States anthu 58 mwa 100 alionse anayankha kuti anthu ambiri ndi okhulupirika mu 1960, koma pofika zaka za m'ma 1990 chiwerengerochi chinali chitatsikira pansi pa 40. Pa nthawi yomweyo kusiyana kwa chuma kunkakula. Muyezo wa Gini, umene umayambira pa 0 ngati onse amapeza zofanana n'kufika pa 1 ngati munthu mmodzi watenga zonse, unali pafupifupi 0.39 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndipo unafika pa 0.46 m'chaka cha 2000. Uslaner anapezanso zofanana poyerekeza mayiko. Ku Denmark, Norway ndi Sweden, kumene kusiyana kwa chuma n'kochepa, anthu oposa theka amati anzawo ndi okhulupirika. Ku Brazil, kumene kusiyanako n'kwakukulu, otero safika 10 mwa 100.

Pamenepa anasiyana maganizo ndi Robert Putnam, yemwe mu buku la Bowling Alone la mu 2000 ananena kuti anthu amaphunzira kukhulupirirana polowa m'magulu ndi m'mabungwe. Uslaner anati zimayenda mobwerera: okhulupirira anzawo ndi amene amadzipereka kuthandiza anthu osawadziwa, pomwe magulu ambiri amangosonkhanitsa anthu ofanana kale.

Kukhulupirira boma

Uslaner amachenjeza kuti kukhulupirira anthu ndi kukhulupirira boma si chinthu chimodzi. Kukhulupirira boma kumakwera ndi kutsika malinga ndi mmene chuma chikuyendera komanso mmene anthu akumuonera mtsogoleri amene ali pampando. Ziwerengero za ku America zimasonyeza zimenezi. Mu 1964 anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse ankati amakhulupirira boma la ku Washington kuti limachita zoyenera nthawi zambiri. Itadutsa nkhondo ya ku Vietnam, mlandu wa Watergate ndi kukwera mitengo kwa zaka za m'ma 1970, otero anali pafupifupi mmodzi mwa anayi pofika 1980. Chiwerengerochi chinakwera msanga pambuyo pa zigawenga za pa 11 September 2001, kenako chinatsikanso.

Kusiyana kwa chuma kumalowa m'nkhaniyi kudzera pa chilungamo. Munthu akhoza kudana ndi chipani cholamula koma n'kumakhulupirirabe kuti khoti, apolisi ndi sukulu za boma zimaona aliyense mofanana. Chikhulupiriro chimenechi chikatha, vuto limakhala lozama kuposa kungoipidwa ndi mtsogoleri, chifukwa chisankho sichilithetsa. Anthu akamaona kuti wolemera amagula chigamulo pomwe wosauka amamangidwa pa kanthu kakang'ono, amayamba kuganiza kuti palibe amene amalemera mwachilungamo.

Msampha wa kusiyana

Mu 2005 Uslaner ndi Bo Rothstein wa pa University of Gothenburg ku Sweden anasindikiza nkhani yotchedwa All for All m'magazini ya World Politics. Iwo anati ntchito za boma zofikira aliyense, monga sukulu ndi chipatala cha onse, zimamanga kukhulupirirana chifukwa wolemera ndi wosauka amaima pamzere umodzi. Thandizo loperekedwa kwa osauka okha limafuna kuti wina aziunika amene ali woyenera, ndipo pamenepo pamabadwa manyazi, kukayikirana ndi mpata wa ziphuphu. Chovuta n'chakuti m'dziko limene anthu sakhulupirira boma, sakhala okonzeka kulipira misonkho yoyendetsera ntchito za onsezo. Mayiko amene akuzifuna kwambiri ndi omwe amavutika kuziyamba.

Mfundoyi anaikulitsa mu buku la Corruption, Inequality, and the Rule of Law la mu 2008, mmene anafotokoza chimene anachitcha msampha wa kusiyana. Kusiyana kwa chuma kumachepetsa kukhulupirirana. Anthu osakhulupirira alendo amangodalira abale ndi a gulu lawo, ndipo kubera boma kuti uthandize ako sikuonekanso ngati tchimo. Katangale ameneyu amachotsa ndalama ku sukulu ndi ku zipatala n'kuziika m'matumba a ochepa, ndipo kusiyana kumakulirakulira. Pofufuza ku Romania, iye anapeza kuti kachiphuphu kopatsa dokotala kapena wapolisi wapamsewu sikawononga chikhulupiriro cha anthu kwambiri ngati katangale wa akuluakulu a boma ndi amalonda. Anthu amaona kachiphuphuko ngati njira yopulumukira, koma katangale wamkulu amamuona ngati gwero la chuma cha olemera.

M'bukuli muli mutu wa za Africa, umene unagwiritsa ntchito mayankho a kafukufuku wa Afrobarometer, yemwe amachitikanso ku Malawi kuyambira 1999. Muli nkhani ya Nigeria, komanso ya Botswana, dziko limene katangale ndi wochepa ngakhale kusiyana kwa chuma n'kwakukulu. Singapore ndi Hong Kong anawatchula ngati malo amene anatuluka mu msamphawu. Hong Kong inakhazikitsa bungwe lake lolimbana ndi katangale mu 1974, koma Uslaner amatsindika kuti kumanga olakwa kunayendera limodzi ndi maphunziro, nyumba za anthu wamba ndi kukula kwa chuma. Malo awiriwa ndi mizinda yaing'ono, ndipo panthawiyo sinali pa ulamuliro wa demokalase weniweni, choncho chitsanzo chawo n'chovuta kuchitengera kwina.

Sukulu za mu 1870

Pa ntchito ina imene anachita ndi Rothstein, yomwe inadzakhala buku la The Historical Roots of Corruption mu 2017, anayerekeza mayiko 78 ndipo anapeza kuti kuchuluka kwa zaka zimene anthu ankakhala pasukulu mu 1870 kumagwirizana kwambiri ndi kuchepa kwa katangale mu 2010. Denmark inakhazikitsa lamulo la sukulu za onse mu 1814, Sweden mu 1842. Prussia inalimbikira maphunziro itagonja kwa Napoleon mu 1806, ndipo France inachita chimodzimodzi itagonja kwa Prussia mu 1871. Maboma amenewa sankafuna kuthetsa katangale. Ankafuna nzika zokhulupirika ndi asilikali odziwa kuwerenga. M'mayiko ambiri olamulidwa ndi atsamunda, maphunziro anasiyidwa m'manja mwa amishoni ndipo anafikira ana ochepa. Finland, Japan ndi South Korea ndi ena mwa ochepa amene anayamba mochedwa koma n'kuwapeza anzawo.

Zimene ena amatsutsa

Mtsutso waukulu ndi wakuti zinthu ziwiri kuyendera limodzi si umboni wakuti chimodzi chikuyambitsa chinzake. N'kutheka kuti anthu okhulupirirana ndi amene amavomera kugawana chuma, osati kuti kugawanako ndi kumene kumabala chikhulupiriro. Mu 2013 Malcolm Fairbrother ndi Isaac Martin anaunika zigawo za United States ndipo anapeza kuti zigawo zosiyana kwambiri pa chuma zilidi ndi anthu ochepa okhulupirirana, koma kukula kwa kusiyanako m'chigawo chimodzi pakapita zaka sikunkatsitsa chikhulupiriro monga mmene mfundoyi imayembekezera.

Enanso amakayikira zoti kukhulupirira sikusintha munthu akakula. Peter Thisted Dinesen wa ku Denmark anasonyeza kuti anthu osamukira ku mayiko a kumpoto kwa Ulaya kuchokera kumene kukhulupirirana n'kochepa amayamba kukhulupirira anzawo kuposa amene anatsala kwawo. Zimenezi zikugwirizana kwambiri ndi maganizo a Rothstein, akuti maofesi a boma osakondera ndi amene amaphunzitsa anthu kukhulupirirana, kusiyana ndi mfundo ya Uslaner yakuti zonse zimayambira pakhomo. Palinso funso la muyezo weniweniwo: mawu akuti anthu ambiri samveka chimodzimodzi kulikonse, chifukwa wina akamayankha amaganiza za a m'mudzi mwake pomwe wina amaganiza za aliyense wokumana naye mumsewu.