MPIKISANO WA BADMINTON MU AFRICA: UNAYAMBA BWANJI?

Tikati maseŵela, ambili a inu mumangoganiza za mpila wa miyendo. Koma kodi mudziŵa kuti Zambia inali pakati pa maiko amene anayambitsa bungwe la badminton mu Africa?

Badminton ni maseŵela omenyelana kampila ka nthenga pamwamba pa neti. Kampilako kamakhala ndi nthenga 16 ndipo kamalemela pafupifupi magalamu 5 cabe. Asilikali a Britain anali kuseŵela maseŵelawa ku Poona m'dziko la India, ndipo dzina lake linacokela ku Badminton House, nyumba ya ku England. Bungwe loyang'anila maseŵelawa pa dziko lonse linakhazikitsidwa mu 1934, pamene maiko athu ambili anali akali pansi pa atsamunda.

Africa inadikila zaka zoposa 40. Mu 1977 nthumwi zinakumana ku Dar es Salaam n'kupanga bungwe limene lelo lichedwa Badminton Confederation of Africa. Maiko oyambitsa anali Ghana, Kenya, Mauritius, Mozambique, Nigeria, Tanzania ndi Zambia. Onani bwino maina amenewo. Ambili ni maiko amene anali kulamulidwa ndi Britain, kumene maseŵelawa anafika kupyolela m'makalabu ndi m'masukulu. Mpikisano woyamba unacitika mu 1979 ku Kumasi, Ghana. Waciŵili unacitikila ku Beira mu 1980, pamene dziko la Mozambique linali kale pa nkhondo ya paciweniweni. Kuitana alendo pa nthawi yotelo kunafuna mtima wolimba ndithu.

Zaka za m'ma 1980 zinali zovuta. Mpikisano sunali kucitika caka ndi caka, ndipo cifukwa cake n'cosavuta kumva. Funsani makolo anu za masiku amenewo: mtengo wa mkuwa unali utagwa, ndipo ndalama zakunja zinali kusoŵa. Tsono badminton imadya ndalama kuposa mmene imaonekela. Mpila wa miyendo mungaupange ndi mapepala a pulasitiki n'kuseŵela pa bwalo lililonse. Kampila ka nthenga n'kogula kunja, kamathyoka msanga, mwina seŵelo limodzi lisanathe, ndipo kamphepo kakang'ono kamakapatutsa. Conco pafunika holo ya denga lalitali. Onjezani pamenepo tikiti ya ndeke yocoka ku Lusaka kupita ku Lagos, ndipo mudzaona cifukwa cake matimu ena anali kutsala kunyumba ngakhale anali ndi luso.

Zinthu zinasintha mu 1992. M'caka cimeneco badminton inakhala imodzi mwa maseŵela opatsilapo mamendulo pa Olympics ku Barcelona, ndipo South Africa, imene inali yoletsedwa cifukwa ca tsankho, inaloledwa kubwelela. Anthu a ku South Africa anabwela ndi maholo abwino ndi aphunzitsi, ndipo kwa zaka zambili anakokolola mamendulo, akumalimbana ndi Nigeria ndi Mauritius. Za Mauritius n'zodabwitsa: kacisumbu ka anthu ongopitilila pang'ono 1 miliyoni kakhala kakugonjetsa maiko akuluakulu, ndipo tauni yake ya Rose Hill yalandila mpikisanowu kangapo. Mu 2003 badminton inaloŵanso m'maseŵela a All-Africa Games ku Abuja.

Nanga ife? Eli Mambwe anaimila Zambia pa Olympics ya ku Beijing mu 2008, ndipo Ogar Siamupangila anaseŵelela dziko lino zaka zambili m'mipikisano ya mu Africa. Si ambili amene amachula maina awo, koma ayenela kukumbukilidwa.

Masiku ano maiko a kumpoto nawo akwela. Egypt ndi Algeria akhala akutenga mamendulo ambili, makamaka m'maseŵela a aŵiliaŵili, pamene Anuoluwapo Opeyori wa ku Nigeria wakhala katswili wa amuna kangapo kuyambila mu 2019. Mpikisano tsopano ucitika pafupifupi caka ciliconse: ku Kampala mu 2021 ndi 2022, ku Benoni mu 2023, ku Cairo mu 2024. Komabe mendulo ya Olympics pa badminton sinabwelepo mu Africa. Mpata umene uli pakati pa ife ndi maiko monga China, Indonesia ndi Denmark ukali waukulu.

Vuto la holo lija anayesako kulicepetsa. Mu 2019 bungwe la dziko lonse linayambitsa AirBadminton, yoseŵelela panja pa mcenga kapena pa udzu, ndi kampila kolemelako pang'ono kamene mphepo sikakankha msanga.