Mbiri ya Kulondola Ndalama za Aphungu ku Lilongwe

Ufulu woti nzika ifunse phungu wake za ntchito imene wagwira m'dera unayamba ndi malamulo oyendetsera dziko a 1994. Ndime 37 inapatsa munthu aliyense ufulu wopeza nkhani zimene boma limasunga, ndipo ndime 64 inalola ovota kuchotsa phungu nthawi yake isanathe. Ndime yachiwiriyi sinakhalitse. Aphungu anaichotsa mu 1995, ndipo kuyambira pamenepo wovota amangodikira chisankho.

Zaka zimenezo Nyumba ya Malamulo inali itachoka ku Zomba n'kumakumana m'nyumba ya boma imene lero ikutchedwa Kamuzu Palace, malo oti munthu wamba sangangolowapo. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atatenga nyumbayo, aphungu anasowa malo okhazikika kufikira 2010, pamene nyumba yomangidwa ndi dziko la China inatsegulidwa ku City Centre, kufupi ndi Capital Hill. Zokamba zawo zinkalembedwa mu Hansard, koma m'Chingerezi, ndipo ambiri ankamva phungu wawo pa wailesi basi.

Nkhani inakula mu 2006, boma litakhazikitsa thumba la chitukuko cha m'madera la CDF. Ndalamazo zinkadzera ku khonsolo, koma inali nthawi yoti makhansala kulibe: amene anasankhidwa mu 2000 anamaliza ntchito mu 2005, ndipo ena anadzasankhidwa mu 2014. Phungu anatsala yekha pabwalo. Ndiye ankaloza pokumba mjigo ndi pomanga mdadada wa sukulu, chonsecho ntchito yake ndi kuyang'anira mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama. Thumbalo linayamba ndi mamiliyoni ochepa pa dera, n'kufika K100 miliyoni mu 2022 ndi K200 miliyoni mu 2024. Ndalama zinkakwera, koma mapepala osonyeza kumene zapita ankangokhala m'mafayilo.

Mapepala ofunikawo si ambiri: mndandanda wa ntchito zovomerezedwa, dzina la kontilakitala, ndalama zimene walandira ndi lipoti la kauniuni. Nzika ikakhala ndi zimenezi m'manja ingathe kupita pa kamlatho, kuona ngati simenti yake ikugumuka mvula yoyamba, n'kufunsa chifukwa chake analipira ndalama zonse. Mapepala otere amapezeka ku Civic Offices ya khonsolo ya mzinda ku City Centre ndi ku ofesi ya bwanamkubwa ku Old Town.

Dziko la Malawi linalowa m'gulu la Open Government Partnership mu 2013, chaka chomwe nkhani yakuba ndalama za boma ya Cashgate inaphulika ku Capital Hill. Atolankhani a MISA Malawi anamenyera lamulo lopezera nkhani kwa zaka zoposa khumi. Aphungu analivomereza mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika anasainira mu Febuluwale 2017, koma linadzayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira lamuloli.

Phindu lake silinagawike mofanana, ndipo apa mpomvetsa chisoni. Wokhala ku Area 10, Area 43 kapena Area 47 ali ndi intaneti, Chingerezi ndi anzake m'maofesi, koma sadalira mjigo wa CDF. Wa ku Mtandire, amene wangoyandikana ndi Area 47, ndiye amaudalira, ndipo kulemba kalata yopempha lipoti n'kuilondola kumamudyera tsiku la ganyu. N'chifukwa chake aphungu ambiri amayezedwabe ndi mabokosi a maliro amene agula.

Mu 2025 Bwalo Lalikulu la Milandu, pa mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma, linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kuti aphungu aziyendetsa CDF kapena kuvota m'makhonsolo; mphamvu yovotayi anapatsidwa mu 2010. Pa chisankho cha chaka chomwecho madera a aphungu anawonjezeka kuchoka pa 193 kufika pa 229.