Mungo Chisuse, Wojambula Zithunzi za Chilembwe

Pa msika wa Lizulu kapena wa Tsangano, m'boma la Ntcheu, munthu akagulitsa mbatata ya kachewere alandira ndalama ya pepala imene iri ndi nkhope ya John Chilembwe. Nkhopeyo aidziwa ndi ana omwe. Koma ndi owerengeka amene anamvapo dzina la munthu amene anamjambula Chilembwe ali moyo. Munthuyo ndiye Mungo Murray Chisuse, amene olemba mbiri amuyesa woyamba mwa eni dziko lino kugwira ntchito yojambula zithunzi.

Chisuse anakulira pa Mishoni ya Blantyre. M'chaka cha 1885 Mbusa David Clement Scott anamtenga kunka naye ku Scotland, ndipo anaphunzira sukulu mu mzinda wa Edinburgh. Atabwerako anagwira ntchito m'nyumba yosindikizira mabuku ya Mishoni, kufikira anakhala kapitao wake. M'chaka cha 1894 Scott anapatula amuna asanu ndi awiri kuti akhale madikoni, ndipo Chisuse anali mmodzi wa iwo. Mnzake wina pa gulu limenelo anali Harry Kambwiri Matecheta, yemwe uja anadzayamba ntchito ya Mishoni pa Nthumbi, pakati pa Angoni a ku Ntcheu. M'chaka cha 1897 Chisuse anapitanso ku Scotland kukaonjezera luso la kusindikiza.

Kujambula zithunzi sikunayambe ndi iye ai. John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone pa Zambezi ndi pa Shire kuyambira 1858, anali nawo kale makina ojambulira. Pambuyo pake amishoni, asilikari ndi akuluakulu a boma anajambula anthu ambiri. Koma kawirikawiri anajambula chimene iwo anafuna kukaonetsa kwao: amtengatenga, asilikari a zishango, amayi pa mtondo. Pansi pa chithunzi analemba mtundu wa munthuyo, dzina lake osalemba, ngati kuti analibe.

Ntchito yake siinali yopepuka masiku aja. Makina anali bokosi lolemera loima pa miyendo itatu. Wojambula anadzifunda nsaru yakuda kumutu, ndipo chithunzi chinagwidwa pa galasi lopakidwa mankhwala, limene analitsuka m'chipinda cha mdima. Galasi likasweka pa njira, ntchito yonse yapita. Zipangizo zonsezi zinachokera kunja kwa nyanja, ndi mtengo wake womwe.

Kwa Chisuse kunafika anthu amene anafuna okha kujambulidwa, atabvala zobvala zimene anasankha okha. Apa ndi pamene panali kusiyana kwakukulu. Wotchuka mwa iwo anali Chilembwe, amene anabwera kuchokera ku America m'chaka cha 1900 nayamba Providence Industrial Mission pa Mbombwe, ku Chiradzulu. Chisuse anamjambula iye, banja lake ndi anthu a mpingo wake. Pa chithunzi china Chilembwe ali ndi mkazi wake Ida ndi mwana wao, onse obvala mwaulemu, nkhope zosagwa. Chilembwe anadziwa mphamvu ya zithunzi. Amene anamthandiza ndi ndalama anali mipingo ya Baptist ya anthu akuda a ku America, amene sanaonepo Mbombwe ndi maso. Kalata anatha kuikayika, koma chithunzi cha ana a sukulu ndi nyumba ya njerwa chinali umboni. Chotero ntchito ya Chisuse inaoloka nyanja, koma anthu a kumeneko anayang'ana m'busa ndi nkhosa zake, wojambula osamfunsa.

Pa 23 January 1915 nkhondo ya Chilembwe inabuka. Ku Ntcheu nako Filipo Chinyama anasonkhanitsa anthu kuti akathire nkhondo boma, koma zinalephereka, ndipo anaphedwa. Chilembwe anaomberedwa pa 3 February. Tchalitchi chake chachikulu, chimene chinatha kumangidwa zaka ziwiri zokha m'mbuyomo, asilikari anachiphulitsa. Amene afuna kuchiona lero achiona pa zithunzi basi.

Masiku amenewo kudziwana ndi Chilembwe kunali koopsa, pakuti John Gray Kufa, mmodzi wa madikoni asanu ndi awiri aja, anaphedwa ndi boma chifukwa cha nkhondoyo. Chisuse sanalowe nawo. Komabe pamene boma linaika bungwe lofufuza chiyambi cha nkhondoyo, iye anali mwa akulu a Mishoni amene anapereka umboni. Akuluwo sanabise madandaulo a anthu, monga thangata ndi mwambo wonyoza uja wakuti munthu wakuda abvule chipewa akakumana ndi Mzungu.

Zithunzi za Mbombwe zinakhala zaka zambiri zosaoneka poyera. M'chaka cha 1958 George Shepperson ndi Thomas Price anatulutsa buku la mbiri ya Chilembwe lochedwa Independent African, ndipo m'menemo anthu ambiri anaona nkhope yake nthawi yoyamba. Dziko litalandira ufulu Chilembwe anayesedwa ngwazi, ndipo m'chaka cha 1997 nkhope yake inaikidwa pa ndalama za kwacha. Wojambula anadikirabe. Munali m'chaka cha 2008, patapita zaka 93 chichitikire nkhondo ija, pamene John McCracken, mphunzitsi wa mbiri amene anaphunzitsapo ku Chancellor College, analemba nkhani ya moyo wa Chisuse ndi ntchito yake mu Society of Malawi Journal.