Hydrogel: Ufa Wosunga Madzi pa Phando

Hydrogel ndi ufa woyera wooneka ngati shuga. Mukauviika m'madzi umafufuma n'kukhala ngati phala lolimba loonekera mkati. Galamu imodzi yokha imatha kumwa madzi amvula oposa kapu imodzi. Ukakhala pa phando umasunga madziwo pafupi ndi mizu, ndipo nthaka ikayamba kuuma umawatulutsa pang'onopang'ono.

Akatswiri a boma la America anapanga mtundu wina wa ufawu kuchokera ku sitachi wa chimanga m'zaka za m'ma 1970. A zachipatala ali ndi mitundu yawo imene imasunga mankhwala osawatulutsa m'chifu muli asidi wambiri, n'kukafufuma m'matumbo. Mfundo yake ndi imodzi: hydrogel amafufuma kapena kunyala potengera zimene zamuzungulira.

Kodi angathandize pati kuno ku Kasungu?

Minda yambiri m'zigwa za kuno ndi yamchenga, yosachedwa kuuma. Mbande za fodya zongowokeredwa kumene ndizo zimafa msanga ng'amba ikagwa. Chimodzimodzinso mbande za bulugamu ndi mitengo ina ya nkhuni ndi milimo ya zigafa, imene timabzala kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Ku South Africa makampani a nkhalango amathira hydrogel powokera bulugamu. M'dothi lamakande phindu lake ndi lochepa, musatayirepo ndalama.

Chenjerani ndi feteleza

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Feteleza ndi mchere, ndipo mchere umachititsa hydrogel kunyala n'kulavula madzi. Mutha kuyesa nokha: viikani ufa pang'ono m'kapu, ukafufuma wazanipo CAN pang'ono, posakhalitsa muona madzi akutuluka. Kashiamu wopezeka mu CAN ndi m'madzi a mijigo ina ndiye amaufooketsa kwambiri. Choncho musasakanize feteleza ndi hydrogel m'dzenje limodzi. Feteleza thirani m'timaenje ta pambali pa mbande monga mwa masiku onse, ndipo poviika gwiritsani ntchito madzi amvula kapena a mumtsinje.

Kathiridwe kake

Viikani ufawo mpaka ufufume wonse musanapite nawo kumunda, potsata muyeso wolembedwa pa paketi. Mukathira wouma, umafufuma mvula ikagwa ndipo umatha kukankhira mbande kunja. Thirani pansi pa dzenje pomwe mizu ifike, sakanizani ndi dothi, kenaka wokerani ndi kukwirira. Wosiyidwa pamtunda amaonongeka ndi dzuwa.

Gulani wolembedwa kuti potassium polyacrylate. Wa m'matewera a ana ndi wa sodiyamu, amene amaononga nthaka.

Hydrogel si feteleza, ndipo satenga malo a manyowa kapena kuphimbira nthaka. Amangotalikitsa masiku amene mbande ingapirire ng'amba. Ngati ndinu mlimi wachitsanzo, yambani ndi mizere iwiri kapena itatu, ina muisiye yopanda, ndipo pakatha masabata atatu werengani mbande zofa mbali zonse. Pa fodya wa pakontirakiti, funsani kaye mlangizi wa kampani yanu kapena wa ARET musanathire.