Dzina la m'Sewero Likaposa Dzina Lobadwa Nalo

Pamene wailesi ya kanema ya Television Malaŵi inayamba kuulutsa mapologalamu ake m'chaka cha 1999, nyumba zimene zinali ndi kanema ku Nancholi, m'mbali mwa mseu wopita ku Chikwawa, zinali zoŵerengeka. Chotero madzulo ana ndi akulu omwe ankadzazana pa nyumba ya mnansi, ena pa mkeka, ena pa zenera, kuti aone ndi maso anthu amene kale ankangowamva mawu.

Kunena zoona, khutu ndilo linatsogola. Wailesi ya MBC, imene inakhazikitsidwa mu 1964, inali itazoloŵeretsa kale anthu masewero onga Kapalepale ndi Pamajiga, momwe munthu mmodzimodzi yemweyo ankabweranso sabata ndi sabata, ndi khalidwe lake lomwelo, kufikira omvera atamuyesa mbale wao.

Pa kanema, mwambo umenewu unakhwimira m'sewero la Tikuferanji, limene bungwe la ADRA linakonza pofuna kuchenjeza anthu za matenda a Edzi. M'menemo a Michael Usi anavala khalidwe la Manganya, munthu wa pakamwa pakuthwa, woseketsa koma wosaopa kudzudzula. Nkhani za kuchipinda ndi za imfa, zimene makolo ankachita nazo manyazi pamaso pa ana, zinaloŵa m'nyumba kudzera m'phwete, pakuti munthu akamaseka satseka makutu.

Komabe luso lotere lili ndi mtengo wake: dzina la m'sewero limameza la mwini wake. A John Nyanga, amene anatisiya mu 2016, ndi a Eric Mabedi, amene anatsatira mu 2021, dziko linawalira monga Izeki ndi Jakobo. Ambiri maina ao enieni anawamvera pa maliro.

A Usi nawo dzina la Manganya linawatsata mpaka ku ndale. Mu 2019 anaima pa chisankho monga wachiŵiri wa a Saulos Chilima, ndipo a Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege mu June 2024, a Usi analumbiritsidwa kukhala wachiŵiri kwa mtsogoleri wa dziko, udindo umene anausenza kufikira mu 2025. Otsutsa ankati wanthabwala sangasenze za boma. Owakonda ankati Manganya ndiye anayamba kalekale kunena zimene ena ankaopa. Koma onsewo, potsutsana, ankatchula dzina limodzi lomwelo, limene anayamba kulidziŵa ali pa mkeka wa mnansi.